Mudzi, zilonda ndi magazi kotulukira chimbudzi: mafunso ndi mayankho

Pali odwala amene amalowa kwa dokotala n'kuyamba kufotokoza za mutu, za msana, za kusowa tulo. Atagwira kale chitseko kuti azituluka m'pamene amati, "Komanso adokotala, kumbuyoku sikuli bwino." Nthawi zambiri chimene chawabweretsa ndi chomalizachi. Ena safika n'komwe. Amatha miyezi, ena zaka, akudzola mankhwala ogula okha, vuto lililonse la kumeneko akulitcha mudzi. Komatu matenda a kotulukira chimbudzi alipo angapo. Zizindikiro zake zimafanana, mankhwala ake ndi osiyana, ndipo palibe angawasiyanitse asanaonepo ndi maso. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa akalimba mtima.

Kodi mudzi ndi chiyani kwenikweni?

Munthu aliyense amabadwa ndi timapilo tofewa m'kati mwa njira ya chimbudzi, kawirikawiri titatu, todzaza ndi timitsempha ta magazi. Timeneti si matenda. Ntchito yake ndi kuthandiza minofu kutseka pakhomo kuti mpweya kapena chimbudzi chamadzi zisamangotuluka zokha. Matenda amayamba timapiloti tikatupa, n'kumasuka pamene tinagwirira, n'kuyamba kutulutsa magazi kapena kutsetserekera kunja. Ndiye mudzi umenewo.

Pafupifupi masentimita awiri kuchokera pakhomo pali malire amene amagawa njirayi pawiri. Kumtunda kwa malirewa, khungu lake n'lofanana ndi la m'matumbo, silimva kucheka kapena kubaya. Kumunsi kwake kuli khungu lomva ululu kwambiri. N'chifukwa chake mudzi wa m'kati umatha kudontheza magazi ofiira kuti psuu mwini wake osamva kanthu, pamene kachotupa kakang'ono ka kunja kamalepheretsa munthu wamkulu kukhala pampando. Malire amenewa muwakumbukire, tikumana nawonso pa nkhani ya chithandizo.

Mudzi wa m'kati madokotala amaugawa panayi. Wa gawo loyamba umangotulutsa magazi, suonekera. Wachiwiri umatuluka pochima koma umabwerera wokha. Wachitatu umafuna kuukankha ndi chala. Wachinayi umakhala kunja ngakhale muukankhe bwanji.

Chimauyambitsa n'chiyani? Ena amati ndi tsabola, ena amati kukhala pamalo ozizira.

Pamalo ozizira palibe mlandu. Tsabola nayenso sayambitsa mudzi, ngakhale amatha kuwawitsa pamene pali kale chilonda. Chachikulu ndi kuchima, makamaka kuchima kwa tsiku ndi tsiku kwa munthu wa chimbudzi cholimba. Chachiwiri ndi kukhalitsa m'chimbudzi. Munthu akakhala pa chimbudzi cha mpando, pakhomopo sipatsamira chilichonse, ndipo magazi amadzaza m'timapilo tija nthawi yonse imene wakhalayo. Masiku ano ambiri amalowa ndi foni, mphindi 20 n'kutha osazindikira. Ndikanakhala ndi mphamvu yoletsa chinthu chimodzi chokha pa nkhaniyi, ndikanaletsa chimenechi.

Zina ndi pathupi, ukalamba, kunenepa kwambiri, kunyamula katundu wolemera utagwira mpweya, ndiponso kutsegula m'mimba kosatha. Mankhwala ena amalimbitsa chimbudzi, monga codeine, tramadol ndi mapiritsi owonjezera magazi okhala ndi ayironi. Musawasiye nokha, koma muuzeni amene anakulemberani.

Kodi ungathe osapita kuchipatala?

Wa gawo loyamba ndi lachiwiri nthawi zambiri umakhala chete munthu akasintha kachitidwe kake ka chimbudzi. Koma mawu akuti "ndi mudzi" ayambe atuluka kaye m'kamwa mwa munthu amene wakuyezani. Zikatero, ntchito yatsala ndi yanu.

Cholinga n'chakuti chimbudzi chikhale chofewa koma choumbika, chotuluka popanda kulimbana nacho. Chimene chimachititsa zimenezi ndi faiba, ulusi wa m'zomera umene thupi siligaya koma umasunga madzi m'chimbudzi. Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 patsiku, kuchokera ku masamba, zipatso, nyemba ndi mbewu zosachotsedwa madeya. Onjezerani pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, chifukwa mukaonjezera lero lomwe mimba imadzaza mpweya ndipo mudzagwa ulesi. Faiba wopanda madzi sathandiza: imwani malita pafupifupi awiri patsiku, pokhapokha ngati adokotala anakuchepetserani madzi chifukwa cha mtima kapena impso.

Chimbudzi chikakupezani pitani nthawi yomweyo, musachisunge. Chikakana kutuluka pakatha mphindi zisanu, dzukani, mudzabwereranso. Ngati chimbudzi chanu ndi cha mpando, pondani pa kabenchi kuti mawondo akwere kuposa chiuno, njira imawongoka monga zimakhalira munthu akanjuta. Kukhala m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15, kawiri kapena katatu patsiku, kumamasula mnofu ndi kuchepetsa ululu. Madzi okhaokha, osathiramo sopo kapena mankhwala ophera majeremusi.

Nanga mafuta odzola ndi timapiritsi tolowetsa kumbuyo? Zimaziziritsa, koma sizichotsa mudzi. Zambiri zili ndi hydrocortisone, ndipo ameneyu mukamudzola kupitirira sabata imodzi amapepukitsa khungu, vuto n'kusanduka lina.

Zonsezi ndayesa koma ukutulukabe. Kwatsala opaleshoni basi?

Pakati pake pali njira ina imene ambiri saidziwa. Dokotala amalowetsa kachipangizo n'kumanga tsinde la mudziwo ndi kamphira kakang'ono kwambiri. Magazi amasiya kufikako, mudzi umafota n'kuthothoka pakatha pafupifupi sabata, nthawi zambiri osauona n'komwe. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi dokotala wa ku America wotchedwa Barron mu 1963, ndipo mpaka pano ndi imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa mudzi wa m'kati. Kamphirako amakamanga kumtunda kwa malire aja, kumene kulibe ululu, n'chifukwa chake sagonetsa munthu. Mumangomva kulemera ngati mukufuna chimbudzi kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kuipa kwake n'kwakuti mudzi umatha kubwereranso, ndiye amamanganso. Ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin kapena aspirin, nenani asanakumangeni. Mukamangidwa kenako n'kuyamba kutentha thupi, kumva ululu wokulirakulira kapena kulephera kukodza, bwererani tsiku lomwelo.

Palinso kubaya mankhwala oumitsa mudzi, ndi kusoka timitsempha toubweretsera magazi. Koma wa gawo lachinayi, ndi wachitatu waukulu, umafuna kudula. Njira yodulira imene madokotala Milligan ndi Morgan anafotokoza mu 1937 pachipatala cha St Mark's ku London ikugwirabe ntchito m'mayiko ambiri. Ndinene mosabisa: imapweteka kwa milungu iwiri yoyambirira, chifukwa mpeni umadutsa pakhungu lomva ululu lija. Koma ndi imene imathetsa vuto kwa nthawi yaitali kuposa zonse.

Ndadzuka ndi kachotupa kolimba, kakuda ngati nthudza, kowawa koopsa. N'chiyani?

Kawirikawiri ndi magazi amene aundana m'kamtsempha ka kunja, mwina mutachima kwambiri kapena mutanyamula cholemera. Ululu umafika pachimake m'masiku awiri oyamba. Mukafika kuchipatala masiku atatu asanathe, dokotala atha kubaya jakisoni wa dzanzi, kucheka pang'ono n'kuchotsa magaziwo, mpumulo n'kubwera pompo. Masikuwo akadutsa, kucheka sikupindulanso kwenikweni, kachotupako kamaphwa kokha m'milungu iwiri kapena itatu. Nthawi zina kamasiya kachikopa kolendewera, kamene si koopsa. Musakaboole ndi singano.

Pochita chimbudzi ndimamva ngati ndikutulutsa magalasi osweka, ndipo moto wake umakhala mpaka masana. Ndi mudzi womwewo?

Mwina ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amataya nthawi ndi mankhwala olakwika. Mmene mwafotokozeramu zikumveka ngati kung'ambika kwa khungu la pakhomo, chimene madokotala amati fissure. Kachilonda kake n'kakang'ono, ngati mng'alu wa pamlomo wouma, koma kali pakhungu lomva ululu. Nthawi zambiri kamakhala pakati penipeni, chakumsana. Magazi ake ndi ochepa, kamzere chabe papepala.

Chimene chimakalepheretsa kupola n'ichi. Ululu ukabwera, mnofu wa m'kati wozungulira pakhomo, umene sitiulamula ndi maganizo, umakungika. Ukakungika umafinya timitsempha tobweretsa magazi pachilondapo, ndipo chilonda chosalandira magazi sichipola. Munthu uja poopa ululu amayamba kuzengereza kupita kuchimbudzi, ena mpaka kudzimana chakudya. Chimbudzi chimauma, ndipo tsiku limene chituluke chimang'ambanso pomwepo. Ndaonapo anthu akuonda ndi kachilonda kosakwana sentimita imodzi.

Kachilonda katsopano kamatha kupola ndi kufewetsa chimbudzi ndi madzi ofunda aja basi. Kakapitirira milungu 6 mpaka 8 kamafuna mankhwala omasula mnofuwo. Odziwika ndi mafuta a glyceryl trinitrate kapena a diltiazem, odzola kawiri patsiku kwa milungu 6 mpaka 8. Oyambawo amapweteketsa mutu anthu ambiri, makamaka masiku oyamba, ndipo sayenera kuphatikizidwa ndi mankhwala a mphamvu za abambo monga sildenafil, chifukwa magazi amatha kutsika mowopsa. Cholakwa chimene chimachitikachitika ndi kusiya kudzola ululu ukangoleka pa sabata yachiwiri, chilonda chisanatseke.

Zikakanika pali jakisoni wa Botox, amene amafooketsa mnofuwo kwa miyezi pafupifupi itatu kuti chilonda chipeze mpata. Pomaliza pali opaleshoni yaing'ono yodula mbali ya mnofuwo, imene imachiritsa anthu oposa 9 pa 10 alionse. Koma ochepa amatsala akuvutika kugwira mpweya, choncho madokotala amaiganizira kawiri kwa mayi amene anang'ambikapo pobereka. Zilonda zikakhala zingapo, kapena zili m'mbali osati pakati, pamafunika kuyeza matenda ena monga TB, chindoko, HIV kapena matenda otupitsa matumbo otchedwa Crohn.

Ndatupa pambali, pakugunda ngati mtima, ndipo thupi latentha. Ndingangomwa maantibayotiki?

Ayi. Chimenecho ndi chithupsa, ndipo mafinya akasonkhana mankhwala akumwa salowamo mokwanira. Chimafuna kung'amba kuti mafinya atuluke, lero osati mawa. Pamalire aja pali timabowo ta tinthu totulutsa madzi oterera. Kamodzi kakatsekeka, majeremusi amaswana n'kuboola njira kulowera m'mnofu. Ululu wake sudikira chimbudzi monga wa fissure, umangokhalapo usana ndi usiku, n'kumakula. Chithupsa china chimakhala m'kati kwambiri moti kunja sikuoneka kanthu.

Amene ali ndi matenda a shuga kapena chitetezo chotsika asachedwe ngakhale tsiku limodzi. Kwa iwowa matenda amatha kufalikira pansi pa khungu mpaka kumaliseche m'maola ochepa, khungu n'kuyamba kuda ndi kununkha. Zikafika apo moyo uli pachiswe.

Chithupsa chinaphulika kalekale, koma patsala kabowo kotulutsa mafinya. Kamatseka, kenako n'kutsegukanso.

Imeneyo ndi fistula. Dzinali ambiri amalidziwa pa vuto la amayi lobwera pobereka, koma limangotanthauza njira yosayenera yolumikiza malo awiri. Iyi imachokera m'kati mwa njira ya chimbudzi n'kukatulukira pakhungu. Mwa anthu atatu amene adwala chithupsa cha kumeneku, pafupifupi mmodzi amatsala nayo. Simatha ndi mankhwala odzola kapena akumwa, chifukwa khomo la m'kati limalowetsabe zonyansa tsiku lililonse.

Vutoli ndi lakale ndipo silisankha munthu. Mfumu Louis XIV ya ku France inavutika nalo pafupifupi chaka chonse, mpaka mu 1686 dokotala wake Charles-François Félix anaichita opaleshoni ku Versailles, popanda mankhwala ogonetsa, ndipo inachira. Zimene anachitazo, kung'amba denga la kanjirako kuti kapole kuyambira pansi, ndi zimene zikuchitikabe pa fistula yosazama.

Chimene dokotala amayang'ana ndi kuchuluka kwa mnofu wogwira chimbudzi umene kanjirako kadutsamo. Kakadutsa mnofu wambiri, kung'amba kungachiritse fistula koma n'kusiya munthu akudzionongera. Ndiye amapisamo kaulusi kofewa kotchedwa seton n'kukamanga ngati mphete, kuti mafinya azituluka ndipo chithupsa chisabwerere. Kamakhala milungu kapena miyezi, munthu akugwira ntchito zake ndi kusamba bwinobwino, kenako amachita opaleshoni yachiwiri yotseka njirayo osadula mnofu. Dokotala akakuuzani kuti zitenga maulendo awiri kapena atatu, sikuti walephera, akuteteza mnofu wanu.

Ndaona magazi. Ndingadziwe bwanji kuti si khansa?

Panokha simungadziwe, ndipo ili ndi funso limene ndikufuna mulimvetse kuposa onse. Zoona, magazi ambiri otuluka kumeneku ndi a mudzi kapena fissure. Koma mudzi ndi wofala kwambiri moti munthu amatha kukhala nawo, n'kukhalanso ndi chotupa masentimita ochepa kumtunda kwake. Kupezeka kwa mudzi sikutsimikiza kuti magazi akuchokera pamenepo. Bungwe la World Health Organization limaika khansa ya m'matumbo aakulu pa nambala yachitatu mwa makhansa ofala padziko lonse: mu 2020 anthu oposa 1.9 miliyoni anapezeka nayo, ndipo oposa 930,000 anamwalira nayo. Ambiri amachedwa chifukwa cha mawu awiri okha, "ndi mudzi".

Magazi a mudzi amakhala ofiira, amabwera pambuyo pa chimbudzi, amadontha kapena kutsala papepala. Okayikitsa ndi oderako, osakanikirana ndi chimbudzi, kapena obwera ndi zonanda ngati mamina. Chenjeraninso kachitidwe kanu ka chimbudzi kakasintha kwa milungu yoposa itatu popanda chifukwa, mukamamva ngati simunamalize ngakhale mwangotuluka kumene, mukamaonda musakufuna, mukamatopa ndi kupuma movutikira chifukwa cha kuchepa kwa magazi, kapena ngati kholo kapena m'bale wanu wa bere limodzi anadwalapo khansayi. Munthu wopitirira zaka 40 akaona magazi koyamba ayezedwe ndithu. Achinyamata nawonso asadzione otetezeka, chifukwa khansayi ikuwonjezeka pakati pa anthu osakwana zaka 50. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene dziko la United States mu 2021 linatsitsira zaka zoyambira kuyezetsa kuchoka pa 50 kufika pa 45.

Kuyeza kwake ndi kulowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera, kotchedwa colonoscope. Ubwino wake n'ngwakuti khansa zambiri za m'matumbo zimayamba ngati kanyama kakang'ono kamene kamatenga zaka pafupifupi 10 kuti kasanduke khansa, ndipo kakapezeka amakadula nthawi yomweyo. Khansa yopezeka msanga imachiritsika mwa anthu ambiri.

Magazi amathanso kuchokera ku kamwazi, likodzo la m'matumbo, kapena zilonda za m'matumbo aakulu, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Koma izi musagone nazo: magazi ambiri a mibulu, chizungulire kapena kukomoka, ndi chimbudzi chakuda bii chomata ngati phula ndi chonunkha kwambiri. Chakudacho chimasonyeza magazi ochokera kumtunda, m'chifu. Mapiritsi a ayironi nawonso amadetsa chimbudzi, koma sachimatitsa chotero.

Kukuyabwa, makamaka usiku.

Kwa ana, ganizirani kaye tinyongolotsi toyera tonga ulusi, totalika pafupifupi sentimita imodzi. Tatikazi timatuluka usiku kukaikira mazira pakhungu, ndiye mwana amakanda, mazira n'kulowa m'zikhadabo, kuchoka apo kupita kukamwa. Mukamuunika ndi tochi maola awiri kapena atatu atagona mutha kutiona tikuyenda. Mankhwala ake ndi mebendazole kapena albendazole, kumwa kamodzi n'kubwereza pakatha milungu iwiri, ndipo amwe onse a m'nyumbamo tsiku limodzi. Chapani zofunda, wengani zikhadabo. Amayi apakati ndi ana osakwana zaka ziwiri afunse kaye kuchipatala.

Kwa akuluakulu, chodabwitsa n'chakuti ambiri amayabwa chifukwa chodzisamalira mopitirira. Akamva kuyabwa amaganiza kuti ndi litsiro, ndiye amakhula ndi sopo, timapepala tonyowa tonunkhira, ena mpaka mankhwala ophera majeremusi. Khungu limataya mafuta ake n'kuyabwa kwambiri. Tsukani ndi madzi okha, umitsani mosindikiza osati mokhula, valani zam'kati za thonje zosathina, ndipo yesani kuchepetsa khofi. Kuyabwa kukapitirira mwezi, kapena khungu likasintha maonekedwe, kaonetseni, chifukwa mafangasi, shuga ndi matenda ena a khungu amayambanso chotero.

Mwana wanga wa zaka ziwiri watuluka mudzi. Ndichite chiyani?

Dzina ndi limodzi koma matenda ndi ena. Ana aang'ono kawirikawiri sadwala mudzi wa akuluakulu uja. Chimene chatulukacho ndi mbali ya thumbo lomalizira, yofiira, yokhala ndi mizere yozungulira ngati mphete. Zimachitika kwambiri kwa ana osakwana zaka 4, makamaka atatsegula m'mimba nthawi yaitali, onyentchera, a njoka za m'mimba, a chifuwa chosatha kapena okhalitsa pa poti.

N'zoopsa m'maso, koma musanjenjemere. Sambani m'manja, mugonetseni chafufumimba pamiyendo panu, tengani kansalu koyera konyowa ndi madzi ofunda n'kukankha pang'onopang'ono mosalekeza mpaka libwerere. Likakana, likada kapena likamatuluka magazi, thamangirani kuchipatala mutaliphimba ndi kansalu konyowako. Kumeneko nthawi zina amathirapo shuga wamba kuti akoke madzi, kutupa kuphwe, libwerere mosavuta. Musalitenthe kapena kulipaka zinthu zowawa. Ana ambiri zimawathera akamakula, bola chimene chinayambitsa chachizidwa. Kwa akuluakulu, makamaka amayi okalamba, thumbo likayamba kutuluka silisiya lokha, limafuna opaleshoni.

Ndamera tinthu tonga njerewere kuzungulira pakhomo.

Nthawi zambiri ndi njerewere zobwera ndi kachirombo ka HPV, makamaka mitundu ya 6 ndi 11. Kamafala pokhudzana khungu pogonana, ndipo zimatha kumera kumbuyo ngakhale munthu sanagonanepo ndi wina kudzera kumeneko. Choncho musaope kuti mukaweruzidwa. Amazichotsa popaka mankhwala, poziumitsa ndi kuzizira kwambiri, poziwotcha ndi magetsi kapena pozidula, ndipo zimakonda kumeranso, ndiye pamafunika kubwerera. Musazidule ndi lezala. Chindoko nachonso chimatulutsa tinthu tofanana nazo, mankhwala ake ndi jakisoni wa penicillin, choncho kuyeza magazi a chindoko ndi HIV n'kofunika.

Mtundu wina wa kachirombo komweka, HPV 16, ndi umene umayambitsa khansa zambiri za pakhomo penipenipo, monganso umachitira ndi khomo la chiberekero, ndipo katemera wake ndi yemweyo. Amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chachikulu, motero chilonda cholimba chosapola kapena chotupa chokula asachitche mudzi. Khansa imeneyi nthawi zambiri amaichiza ndi mankhwala pamodzi ndi kuwotcha ndi makina, osachotsa njira ya chimbudzi. Chinzonono, chlamydia ndi herpes zimathanso kugwira m'kati, n'kumatulutsa mafinya ndi kupatsa munthu chilakolako cha chimbudzi chosatha. Apo muuzeni dokotala zoona zake za mmene mumagonanira kuti ayeze malo oyenera.

Ndili ndi pakati ndipo mudzi wandivuta. Ndidzafunika opaleshoni?

Kawirikawiri ayi. Chiberekero chimapsinja mitsempha, mahomoni amachedwetsa matumbo, mapiritsi a ayironi amalimbitsa chimbudzi, kenako kuchima pobereka kumamalizitsa. Koma ambiri umawaphwera m'milungu yochepa akachira. Fewetsani chimbudzi, gonani chakumanzere, ndipo mankhwala monga lactulose ndi paracetamol ndi ololedwa. Ibuprofen musamwe muli ndi pakati pokhapokha adokotala atanena.

Nthawi zina ndimadzuka usiku ndi ululu wobaya m'kati, pakapita mphindi zochepa n'kutha.

Ngati umatheratu, sufika theka la ola, ndipo palibe magazi kapena chotupa, nthawi zambiri ndi kukokana kwa mnofu, monga mwendo umachitira. Si koopsa. Kayezetseni kamodzi kuti mtima ukhale pansi.

Ndimalephera kugwira mpweya, nthawi zina chimbudzi chimene. Ndi ukalamba basi?

Ili ndi vuto limene anthu amabisa kuposa onse. Amasiya kuyenda maulendo, kupita kumisonkhano, ngakhale kugona chipinda chimodzi ndi amuna kapena akazi awo, osauza munthu. Kwa amayi ambiri gwero lake ndi kung'ambika kwa mnofu pobereka, ndipo zotsatira zake zimatha kuonekera patapita zaka 20. Shuga, sitiroko ndi maopaleshoni akale a kumeneku zimachititsanso. Chithandizo chilipo: kulimbitsa minofu ya m'chiuno poifinya ndi kuimasula tsiku lililonse kwa miyezi itatu kapena kuposa, faiba wothandiza chimbudzi kuumbika, loperamide kwa amene chimbudzi chawo n'chamadzi, ndi kusoka mnofu wong'ambikawo.

Amene mukusamalira okalamba dziwani ichi. Nthawi zina chimbudzi cholimba chimatsekereza njira, chamadzi n'kumadutsa m'mbali. Kunja zimaoneka ngati kutsegula m'mimba, ndipo mukapereka mankhwala oletsa kutsegula mwawonjezera vuto. Koma kulephera kugwira chimbudzi kapena mkodzo kukabwera mwadzidzidzi, pamodzi ndi msana wopweteka ndi dzanzi pakati pa miyendo, ndiye kuti mitsempha ya msana yapanikizika, ndipo maola amene mukuchedwawo ndi amene amapundula munthu.

Ndikuchita manyazi. Kuchipatala akandichita chiyani?

Adzayamba ndi mafunso: magazi ndi a mtundu wanji, ululu umabwera nthawi yanji, chimatuluka n'chiyani ndipo chimabwerera chokha kapena ayi, mumamwa mankhwala anji. Yankhani m'mawu amene mumalankhula tsiku ndi tsiku, palibe mawu amene sanawamvepo. Ngati chotupacho chimangotuluka pochita chimbudzi, chithunzi cha pafoni chimathandiza kwambiri.

Kenako mudzagona chakumanzere, mawondo atapindikira pachifuwa, atakufunditsani nsalu moti pongoonekera ndi pamene akuyezapo. Adzayang'ana kunja, n'kulowetsa chala chovala golovesi chopakidwa mafuta oterera. Zimenezi sizitha mphindi imodzi. Kupuma mozama ndi kukankha pang'ono ngati mukuchita chimbudzi kumamasula mnofu. Mwina adzalowetsanso kapaipi kafupi kokhala ndi nyali kuti aone timapilo tija. Simufunika kumeta kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Muli ndi ufulu wopempha kuti namwino akhalepo, kapena kuti akuyezeni mwamuna kapena mkazi mnzanu ngati alipo. Ululu ukachuluka nenani, asiya. Pa fissure yowawa kwambiri dokotala wodziwa sakakamiza chala, amayamba wachiza kapena amayeza mutagonetsedwa.

Ndachitidwa opaleshoni. Ndikuopa chimbudzi choyamba.

Aliyense amachiopa, ndipo ambiri amalakwitsa posiya kudya kuti chisabwere. Chikachedwa chimauma, ndiye chimapweteka koposa. Idyani monga mwa masiku onse, imwani madzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi kuyambira tsiku loyamba, ndipo mankhwala a ululu muzimwa pa nthawi yake osadikira kuti ululu uyambe. Mabala a kumeneku nthawi zambiri amawasiya osasoka dala kuti apole kuchokera pansi, choncho timadzi tachikasu ndi timagazi pa thonje si zachilendo kwa milungu 4 mpaka 6. Chimbudzi sichiwononga balalo. Mukamva kuti chikubwera, konzeranitu beseni la madzi ofunda pafupi, ndipo mukangomaliza khalanimo m'malo mopukuta ndi pepala. Bwererani kuchipatala msanga mukaona magazi osaleka, mukatentha thupi, mukalephera kukodza, kapena pakadutsa masiku atatu chimbudzi chisanabwere.